Mlendo Wopanda Nkhoswe pa Kompyuta ya aNangondo

"Kodi iwe Febe, munthu atabwera kwanu atadzifunda chitenje kumutu, n'kunena kuti akufuna banja koma alibe nkhoswe, ungamutsegulire chitseko?"

Limeneli ndi funso limene aNangondo anandifunsa tsiku lina, ndili pafupi kudina kabokosi kamene kanatulukira pa kompyuta yawo. Ndinaseka, ndimayesa nthabwala. Iwo sanaseke. Anandichotsa dzanja pa mausi ngati akuchotsa dzanja la mwana pa mbaula. Kuti mumvetse chimene anachitira zimenezi muyenera kuwadziwa kaye mayiwa, chifukwa pa Nsaru pano aliyense amawatchula, koma palibe amene anakhalapo pansi n'kulemba za iwo. Ine ndakhala pansi.

Dzina lawo la ubatizo ndi Elube, koma anthu amawaitana ndi mfunda wawo. Anabadwira cha ku Nambuma, m'banja la alimi a fodya ndi mtedza. Kwa mayi awo anabadwa awiri okha, iwo ndi mlongo wawo wamkulu, a Lyton. Ali mtsikana anaphunzira kutayipa pa makina akale aja olira ngati chimanga m'chiwaya, ndipo anagwira ntchito zaka zambiri mu ofesi ya sukulu ina ya sekondale. Mpaka lero zala zawo zimamenya kiyibodi ngati ili ndi mlandu. Amuna awo, omwe anali mphunzitsi wa pulayimale, atamwalira, iwo anadzakhazikika pa Nsaru ndi mwana wawo mmodzi, Jessie, n'kumalima mtedza ndi kuimba ku Chigwirizano cha amayi kutchalitchi.

Kompyuta inabwera mu 2010 kuchokera ku Joni. A Lyton amasamalira maluwa panyumba ina kumeneko, ndiye abwana awo atagula yatsopano, yakaleyo anawapatsa. Inabwera pa basi itakulungidwa m'bulangete la kambuku, pamodzi ndi pulinta ndi kakamera kozungulira ngati ndimu. Kakamerako aNangondo anakaponya m'katoni osadziwa ntchito yake. Anachita lendi kachipinda pakati pa chigayo ndi telala, anagula kachipangizo kolumikizira intaneti kooneka ngati chala, basi ntchito inayamba: makadi a ukwati, mapulogalamu a misonkhano ya mpingo, kutumizira anthu maimelo. Pakhonde panakhala mnzawo wa kalekale, Tisiyenji, ndi beseni lake la mandasi. Tisiyenji kompyuta sanaigwirepo, koma palibe chochitika mkatimo chimene chimamudutsa.

Amene anawagwetsera m'mavuto anali a Wyson, mwana wa mayi awo aang'ono, mkulu wa mpingo. A Wyson ndi munthu amene chibadwire sanabwezepo mlendo pakhomo. Wogula mtedza ndi sikelo yokayikitsa, wogulitsa mankhwala a makoswe, woledzera wosochera njira, onse amawapatsa mpando ndi madzi akumwa. Tsiku lina anabwera kudzaona zigoli za mpira umene anaumvera pa wailesi. ANangondo anawatsegulira tsamba lake, iwo n'kupita kumsika kukagula tomato.

Apa ndifotokoze pang'ono. Masamba a pa intaneti amatsegulidwa ndi pulogalamu yotchedwa bulawuza, ndipo ya aNangondo inali ija ya chilembo cha e cha buluu. Bulawuza payokha sinkatha kuonetsa kanema kapena kugwiritsa ntchito kamera. Inkafuna timapulogalamu ting'onoting'ono tobwera kuchokera kunja n'kudzakhala mkati mwake. Timeneti ndi mapulagini. Ena ndi antchito abwino. Ena ndi akuba ovala jekete.

A Wyson ali chikhalire, panatulukira kabokosi kopempha kuti kalowe, kakuti popanda iko mpira suoneka. Kanayamba ndi mawu aja a Chingerezi otanthauza kuti chonde.

"Ha! Kamwana kaulemu aka," anatero a Wyson. Tisiyenji amalumbira kuti anawamva ndi makutu ake. "Ana a masiku ano akanakhala otere! Lowa mwanawe, lowa."

Anadina povomera. Kanabwera kena, nakonso ndi chonde. Anavomera. Kanabweranso kena. Mpira sunaoneke, koma a Wyson anabwerera kunyumba mtima uli m'malo, chifukwa sanakhumudwitse aliyense.

M'mawa mwake amayi a Chigwirizano anabwera kudzatayipitsa pulogalamu ya msonkhano wawo, motsogozedwa ndi amayi busa. Anadzaza kachipindako ndi maduku oyera. ANangondo anangoti atsegule bulawuza, mawindo anayamba kutumphuka ngati ngumbi mvula itagwa. Zimene zinali m'mawindomo sindizilemba pano, chifukwa ndikufuna nkhaniyi idzawerengedwe ngakhale pabwalo la tchalitchi. Ndingoti atsikana ake anali osauka nsalu kwambiri. Akatseka windo limodzi, amatseguka awiri. Mayi wina anayamba nyimbo. Amayi busa anamasula chitenje chapamwamba n'kufunditsa kompyuta yonse ngati maliro, koma pansi pa chitenjecho kanyimbo kachilendo kanali kulirabe.

Pofika madzulo nkhani inali itafika kumsika wonse. Anyamata a kabaza akamadutsa ankafuula kuti, "Amayi, kanema ayamba nthawi yanji?" ANangondo, munthu woti chilowereni Chigwirizano sanamvekepo ndi mbiri, anakhala Lamulungu lotsatira pabenchi ya kumbuyo, duku atalitsitsira pamphumi.

Lolemba anaisenza kompyuta pamutu mpaka pa siteji, ulendo wa ku Lilongwe. Ku Malangalanga anapeza mnyamata wokonza makompyuta, dzina lake Ishmael. Iye anayang'ana mkatimo n'kuimba mluzu.

"Amayi, nyumba yanu inalibe chitseko. Alowamo ambiri, ena abwera ndi abale awo omwe."

"Athamangitse onse, mwanawe. Ukatha ukhome ndi misomali."

Ishmael anasesa zonse. Kenako analowa pamalo osinthira zachitetezo cha bulawuza, pamene pali kandodo kokwera ndi kutsika, n'kukakankhira pamwamba penipeni. Anawauza kuti tsopano palibe pulagini imene ingalowe kapena kugwira ntchito, yabwino kapena yoipa. ANangondo anamugulira fanta.

Kuyambira pamenepo pakachipindako panali bata. Kanema sankaoneka, nyimbo sizinkalira, pamene payenera kukhala zinthu zoyenda pankangokhala timabokosi topanda kanthu. Achinyamata ankadandaula kuti kompyuta ya aNangondo yalowa Chigwirizano. Eni ake ankangoti, "Ikakomedwa idzavalanso duku." Anabwerera pabenchi yawo ya kutsogolo, ndipo kandodo kaja analumbira kuti sadzakakhudzanso.

Lumbiro limeneli linathyoledwa ndi Jessie. Mu 2012, ku chikondwerero cha makwaya, anadziwana ndi Wisdom wa ku Kabudula, mlimi wa mtedza amenenso amakonza njinga. Zinthu zinayenda mwa dongosolo. Atsibweni ake a Wisdom, a Aaron, anabwera kudzafunsira mbeta. A Wyson anawalandira, koma anati mawu omaliza ndi a mwinimbumba, ndipo mwinimbumba ndi a Lyton. ANangondo anaimba foni ku Joni.

"Zonse ndamva, achemwali," anatero a Lyton. "Koma mwana wa mlongo wanga sindingamupereke kwa mawu a pafoni. Ndione nkhope ya mnyamatayo, ndione nkhope ya nkhoswe yake."

"Ndiye bwerani, achimwene."

"Ndikachoka kuno ntchito ndidzaipeza ili ndi mwini wina. Koma adona a panyumba pano andilola kugwiritsa ntchito kompyuta yawo Loweruka masana. Kakamera kaja ndinakutumizirani kali kuti? Mungotsegula tsamba la imelo yanu, pali kachithunzi ka kamera, tidzaonana ngati tili pamphasa imodzi."

A Aaron atamva anavomera, koma mokoka. Ndi munthu wosachedwa kukhumudwa. Anatumiza mawu akuti iwo akufuna chinkhoswe chichitike mvula isanagwe, ndipo akapalasa njinga kuchoka ku Kabudula n'kubwerera opanda yankho, adzadziwa kuti akanidwa mwaulemu. Anaonjezeranso kamawu kena, kakuti za kanema wa pa Nsaru anazimvako.

Lachinayi aNangondo anafukula kakamera m'katoni, kukapukuta fumbi, kukalumikiza. Anatsegula tsamba la imelo n'kudina kachithunzi ka kamera. Tsambalo linayankha kuti pakufunika pulagini, ndipo chitetezo cha bulawuza chikuiletsa. Anasiya mausi, n'kuika manja pamiyendo. Akasiya chitseko chokhomedwa, a Lyton saoneka, ndipo banja la Jessie lithera panjira ya ku Kabudula. Akachitsegula, atsikana osauka nsalu aja atha kudzalonjera a Aaron pamaso pa mkamwini.

Tisiyenji anasuzumira pakhomo. "Mwakhala ngati mwameza fupa bwanji, anzanga?"

Atamufotokozera, iye anati, "Tsitsani kandodoko basi. Loweruka likapita mudzakakweza."

"Nanga akalowa Lowerukalo?"

"Tiyeni tiyese lero, tili awiri. Ine maso anga anaona zambiri, sachita khungu."

Anatseka chitseko, anatchinga windo ndi katoni. Tisiyenji anaima pambali atatambasula chitenje ngati akufuna kugwira nkhuku. ANangondo anatsitsa kandodo kaja. Posadziwa kumene pulaginiyo imapezeka, analemba dzina lake pofufuzira, ndipo panabwera masamba ambirimbiri, lililonse likuti ndine amene. Tisiyenji analoza lina la batani lalikulu lonyezimira.

"Ilo! Lokongolalo."

Atadina panatulukira kabokosi, kakuyamba ndi chonde. ANangondo anayandikira sikirini. Anavala magalasi n'kuwerenga mzere ndi mzere, ngati mmene ankawerengera mayeso asanawasindikize. Panali mzere wa dzina la pulogalamu. Pansi pake panali mzere wonena amene anaipanga, ndipo pamenepo panalembedwa kuti wosadziwika.

"Ndi kamwana ka a Wyson kaja," ananong'ona. "Kangosintha malaya."

Anakana, n'kukweza kandodo msangamsanga. Tisiyenji anapinda chitenje chake, ndipo ena amati anaoneka wokhumudwako pang'ono.

ANangondo anaimbira Ishmael. Kumene anali kunali phokoso la maminibasi.

"Amayi, mpanda wake si umodzi ayi," anafuula. "Yang'anani pamwamba pa kandodoko, pali tizithunzi tinayi. Musatsitse pa dziko lonse. Pitani pa kobiriwirako, ndiye pamenepo mu..."

Mayunitsi anathera pomwepo. Akanatha kugula ena, koma mawu aja akuti mpanda si umodzi anali atawagwira kale. Anatsegulanso pamalo pa zachitetezo. Zoonadi, tizithunzi tinalipo, ndipo miyezi yonseyi maso awo ankangothamangira pa kandodo. Koyamba kanali dziko lapansi. Kena kanali ka makompyuta olumikizana, kena chizindikiro chofiira choletsa. Kena kanali kuchonga kobiriwira, konga kamene malemu amuna awo ankaika m'makope a ana akakhoza samu. Anadina kalikonse n'kuona kuti kali ndi kandodo kakekake.

"Tisiyenji, taona. Dziko lapansili ndi msewu, mumadutsa aliyense. Kobiriwiraka ndi ka malo amene mwini kompyuta akuwadalira. Ukalembamo adiresi ya tsamba, tsamba limenelo lokha ndi limene limalandiridwa mosiyana."

"Ngati mmene mumalolera ine kulowa kuchipinda kwanu, wa kabaza n'kuthera pakhonde?"

"Eya, ngakhale iwenso nthawi zina ndimadzifunsa."

Pa dziko lapansi anasiya kandodo pamwamba pomwe Ishmael anakasiya. Pa kobiriwira analembapo adiresi imodzi yokha, ya tsamba la imelo, atayang'anitsitsa chilembo chilichonse. Kenako anaona batani lina pansi pa kandodo, losinthira zinthu chimodzichimodzi. Atadina anapeza mizere yambirimbiri, ndipo pansi pa mzere uliwonse panali zosankha zitatu: kana, lola, funsa kaye. Anatsika nayo pang'onopang'ono mpaka anafika pa chigawo cha mapulagini, pamene panalembedwa mawu akuti ActiveX. Pamenepo anapeza mizere iwiri yoyandikana. Wina unkanena za timapulogalamu tokhala ndi siginecha, wina za topanda siginecha.

"Siginecha ya chiyani?" anafunsa Tisiyenji. "Kompyuta ili ndi dzanja?"

"Ndi dzina la kampani imene yakapanga. Imakhala ikuvomera kuti mwanayu ndi wathu, tikumudziwa, akalakwa mudziwe kokadandaula."

Tisiyenji anaomba m'manja. "Aaa, iyotu ndi nkhoswe! Bwanji osangonena? Ndiye kaja ka batani lonyezimira kanabwera kokha ngati wakuba nkhuku, eti?"

ANangondo anaseka koyamba tsiku limenelo, mpaka anavula magalasi. Pa topanda siginecha anasankha kana. Pa tokhala ndi siginecha chala chinapita pa lola, koma chinabwerera. Nkhoswe nayo imafunika kuiona nkhope. Anasankha funsa kaye. Pa mzere wolola mapulagini kugwira ntchito anasankha lola, koma m'khola lobiriwira lokhalo. Anabwerera pa tsamba la imelo, osati pofufuzira paja, n'kudina kachithunzi ka kamera. Ulendo uno tsambalo silinakane. Linayamba kukoka pulagini, kamzere kakuyenda ngati nkhono. Kasanafike pakati, magetsi anazima.

Lachisanu lonse sanayake. Wa chigayo anagona pa matumba, telala anasoka ndi manja, aNangondo anasesa kachipinda kawiri, kukolopa, kubwereka mabenchi kutchalitchi. Jessie anabwera ndi maso ofiira.

"Amayi, akapanda kuoneka atsibweni?"

"Pita ukasite diresi. Za atsibweni ako undisiyire."

Anayankha molimba, koma Tisiyenji akuti tsiku limenelo aNangondo anakana ngakhale mandasi aulere.

Loweruka alendo anafika dzuwa lili pamutu. A Aaron anali mu jekete yakuda, thalauza atalipanira ndi zopanira zovala chifukwa cha tcheni cha njinga. Wisdom anali pambuyo, thukuta lili kamukamu, pamodzi ndi azakhali ake awiri. Jessie anabisidwa kwa telala. A Wyson anakhala pafupi ndi kompyuta monga nkhoswe yaing'ono. Amayi busa anabwera osaitanidwa, paphewa atakoleka chitenje chapadera, ndipo palibe amene anafunsa ntchito yake. Pawindo panadzaza mitu.

Malonje anatha, madzi anamwedwa, nkhani ya mitengo ya mtedza inakambidwa mpaka kutha. A Aaron anayamba kuyang'ana njinga yawo. Mwadzidzidzi chigayo chinabangula kuseri kwa khoma, ndipo anthu a pawindo anakuwa kuti, "Ayaka!"

ANangondo anayatsa kompyuta, anatsegula tsamba, anadina kamera. Kamzere kanayambiranso ulendo wake. Kamzere katafika kumapeto, kabokosi kanatulukira pakati pa sikirini, kakufunsa ngati angalole pulogalamu kulowa.

A Wyson anadzuka ngati alumidwa ndi linthumbu. "Kanani! Achemwali, kanani! Ndi kamwana kaja!" Chichitikire zija anali atatembenuka kotheratu, moti ngakhale foni yawo ikawafunsa kanthu ankaizimitsa.

"Vomerani, mayi, dzuwa likupita," anatero a Aaron. "Kapena pali zimene mukuopa kuti tingaone?"

Pawindo wina anaseka. Amayi busa anatsitsa chitenje paphewa. ANangondo anamva maso onse ali pamsana pawo. Anavala magalasi mosafulumira.

"A Aaron, inu mutabwera kudzafunsira, a Wyson anakufunsani kuti ndinu yani, mwachokera kuti, mnyamatayo ndi ndani wanu. Munakwiya?"

"Ayi, ndi mwambo umenewo."

"Ndiye mundilole nanenso ndimufunse mlendoyu. Safunsa anadya phula."

Anawerenga mokweza dzina la pulogalamuyo. Anatsikira pa mzere wachiwiri. Sipanalembedwe kuti wosadziwika. Panali dzina la kampani, yomweyo ya tsamba la imelo. Anadina dzinalo, ndipo panatseguka kawindo kena kotsimikiza kuti siginechayo ndi yoona.

"Uyu ali ndi nkhoswe, ndipo nkhoswe yake ndikuidziwa," anatero. "A Wyson, khalani pansi. Lowa, mwanawe."

Anadina. Sikirini inada, inaphethira, kenako inadzaza ndi chinthu chosalala, chonyezimira, chopanda nsalu ngakhale ulusi umodzi. Azakhali a Wisdom anagwira pakamwa. A Wyson anatseka maso n'kuyamba kupemphera. Amayi busa anadumpha benchi, chitenje chili m'mwamba, ndipo anali atafunditsa kale theka la kompyuta pamene pansi pa chitenjecho panamveka mawu okhuthala:

"Halo? Kodi mukundimva? Achemwali, kwada bwanji kumeneko?"

Amayi busa anakweza chitenje pang'onopang'ono. Chinthu chosalala chija chinabwerera m'mbuyo, chinamera makutu, kenako maso ndi ndevu za imvi. Linali dazi la a Lyton, amene anawerama kufunafuna batani la mawu.

Kuseka kwake kunamveka mpaka kumsika. A Aaron, amene chifikire anali asanaonetse dzino, anagwira m'mimba n'kutsamira khoma. Koma aNangondo sanaseke nawo msanga. Anali asanaone nkhope ya mlongo wawo kuyambira pa maliro a amuna awo. Anayandikira sikirini n'kuigwira ndi nsonga za zala.

"Achimwene, tsitsi lija munalisiya kuti?"

"Linatsala pa boda. Inuyo ndiye mwafanana ndi amayi, mpaka kakhwinya ka pamphumi."

Onse awiri anapukuta m'maso ngati mwalowa fumbi la chigayo. Kenako a Lyton anakhosomola, anakonza kolala, n'kukhala mwinimbumba.

A Aaron anadzifotokoza bwinobwino, mudzi wawo, mfumu yawo, mpingo wawo. Mtima wawo unali utamasuka tsopano, moti anati popeza a Lyton sadzakhalapo pa chinkhoswe, asamanidwe mwambo wobisa mkamwini. Anatuluka panja, anabwereka chitenje cha amayi busa, n'kubwera ndi munthu wofundidwa kumutu mpaka m'mawondo. Anamuimika patsogolo pa kamera.

"Mkamwini wanu ndi ameneyu, bambo."

A Lyton anayandikira, dazi linadzazanso sikirini. "Mapazi akewo ayera bwanji? Mwana wanga akukwatiwa ndi mzukwa? Tavundukulani."

Anali wa chigayo, ufa uli mbuu mpaka m'nsidze. Anaweramira kamera n'kunena kuti iye ali wokonzeka ngati winayo wachita mantha. Anamuthamangitsa ndi nthungululu.

Kenako Wisdom anagwada patsogolo pa tebulo, mutu wokha ukuoneka. A Lyton anamuyang'anitsitsa.

"Mnyamata, dzina ndalimva. Tandionetsa manja ako."

Wisdom anakweza zikhatho ku kamera. Zinali zokhakhala ndi mpini wa khasu, m'mizere muli girisi amene sopo analephera.

"Tembenuza. Chabwino. Jessie ali kuti? Muitaneni." Jessie analowa atazolika. "Iwe, munthu wake ndi ameneyu? Usaope, ndili kutali, sindingakumenye."

"Ndi yemweyu, atsibweni."

"Ndiye ine ndilibe mawu. A Aaron, mbeta mwaipeza. A Wyson adzandiimira pa chinkhoswe, koma tambala wanga asadye okha."

Tisiyenji anaimba nthungululu yoti wa kabaza wina anagwa nayo panjinga, kenako anagawa mandasi onse a m'beseni, chinthu chimene sanachitepo ndipo akuti sadzachitanso. Chinkhoswe chinachitika mvula isanagwe. Pano Jessie ndi Wisdom ali ndi nyumba yawo, ndipo bulangete la kambuku lija lili pabedi pawo.

Kandodo ka pa dziko lapansi kakadali pamwamba mpaka lero. M'khola lobiriwira muli maadiresi ochepa, ndipo iliyonse inalowamo itafunsidwa mafunso. Loweruka masana pakhonde pamakhala mzere wa amayi amene amuna awo kapena ana awo ali ku Joni, atavala zakutchalitchi, kudikira kamera. A Wyson amabwerabe kudzafunsa za mpira, koma amakhala manja atawapinda kumbuyo.

Kabokosi kanga ka tsiku lija kankalonjeza kuti ndikakalola, zithunzi zanga zidzaonedwa ndi anthu a m'mayiko onse. ANangondo anandilozera mzere wachiwiri ndi chikhadabo. Wosadziwika. Ndinadina pokana, iwo n'kundibwezera mausi.

Chilembereni mayeso a Fomu 4 ndakhala ndikuuza aliyense kuti pa Nsaru palibe chimene ndingaphunzire, ndikupita ku tauni, ngakhale sindikudziwa kuti ndikafikira kwa yani. Sabata yatha ndinawapempha aNangondo kuti andiphunzitse ntchito yawo yonse, kuyambira kutayipa ndi zala zonse mpaka mizere ija ya kana, lola, funsa kaye. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti paofesi pawo salowa munthu wobwera yekha. Ndiye chikwama chimene ndinalongedza ndachimasula. Lolemba m'mawa ndikukawatenga atsibweni anga kumunda, asambe, avale jekete, akandiperekeze kwa aNangondo.